Achule a M'mitengo ndi Chakudya Chao

Achikumbe anzathu, ku Ulaya ndi ku America kuli anthu oweta achule obiriwira a m'mitengo ochokera ku Australia. Pofuna kuti aswane, amawawaza madzi monga mvula yoyamba. Chovuta nchakudya, pakuti chule afuna kachirombo kamoyo, koyenda. Motero oweta asunganso tizirombo tonga nkhululu zazing'ono m'mabokosi, naikamo dothi lonyowa loikiramo mazira, amene pofunda aswa patapita milungu iwiri. Ntchito yonseyo chifukwa cha chule!

Kwathu kuno achule adza okha kumabedi a fodya kumene tithirira madzi, nadya tizirombo usiku popanda malipiro. Mukampeza pansi pa udzu wophimbira mbande, mlekeni, ndipo ana asamgende. Koma nkhululu yaikulu yodula mbande ibisala kuuna. Imeneyo tiikumbe tokha ndi khasu.