N'chifukwa chiyani galimoto imazima ikangoima pa maloboti?

Ana inu, mwina mudaziwonapo izi m'tauni. Galimoto yaikulu yokhalitsa, kaya ndi Pajero kaya ndi RAV4 yakale, ikubwera bwinobwino mumsewu. Ikangoima pa maloboti, injini imayamba kunjenjemera, kenaka zii, yazima. Adalaivala akailiza imalira, akaponda moto imathamanga, koma akangochotsa phazi imazimanso. Chodabwitsa n'chakuti galimoto yomweyi siizima ikamakwera chitunda itasenza matumba a chimanga. Imazima pamene ilibe ntchito yolemetsa. Zimatheka bwanji?

M'kati mwa injini ya petulo mumayaka moto. Muli zipinda zozungulira zotchedwa masilinda, ndipo m'silinda iliyonse muli pisitoni yomwe imakwera ndi kutsika. Ikatsika imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo. Ikakwera imapanikiza zonsezo pamalo ochepa. Apo pulagi imathetheka, petulo n'kuyaka mwamphamvu, kukankhira pisitoni pansi. Ikakweranso imatulutsa utsi kupita ku ekizozi. Injini yogwira ntchito m'magawo anayi amenewa adaikonza Nikolaus Otto wa ku Germany m'chaka cha 1876, ndipo galimoto za m'misewu yathu zikuyenderabe nzeru yomweyo.

Mukadzakwera galimoto, mudzasuzumire kutsogolo kwa adalaivala. Galimoto zambiri zili ndi kawotchi kosonyeza liwiro lomwe injini ikuzungulira. Galimoto ikaima injini ikulira, nthawi imene amakaniko amati ili pa idling, muvi wa kawotchiko umakhala pansi pang'ono pa nambala 1. Ndiye kuti injini ikuzungulira ka 600 mpaka ka 900 pa miniti imodzi. Tengani injini ya masilinda anayi yomwe ikuzungulira ka 750 pa miniti: moto umayakamo ka 25 pa sekondi imodzi yokha! Kwa ife ndi liwiro lalikulu, koma kwa injini n'kuyenda pang'onopang'ono kwambiri. Kumbuyo kwa injini kuli chitsulo cholemera chozungulira, flywheel, chimene chimapitiriza kuzungulira pakati pa moto wina ndi unzake. Injini ikamathamanga, chitsulochi chimakhala ndi mphamvu zambiri, moti moto ukaphonya kamodzi palibe amene amadziwa. Pa idling mphamvu zake zimakhala zochepa. Moto ukaphonya kangapo motsatizana, basi, zonse zimaima.

Nanga n'chiyani chimaphonyetsa motowo? Ambiri amathamangira kunena kuti mafuta atha. Nthawi zambiri mlandu umakhala wa mpweya. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo iyake bwino, pamafunika mpweya wolemera makilogalamu 14.7. Lita imodzi yokha ya petulo imadya mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000, wodzaza zigubu 450 za malita 20.

Taganizirani mbaula ya kunyumba kwanu. Amayi akafuna moto waukali amatsegula kachitseko ka m'munsi kuti mphepo ilowe. Akafuna kuti nyemba zizibwata pang'onopang'ono amakatseka n'kusiya kampata kochepa. Kampatako kakatsekeka ndi phulusa, makala amazilala. Injini nayo ili ndi kachitseko kake, m'chitsulo chotchedwa throttle body. Adalaivala akaponda moto, kwenikweni akutsegula kachitseko ka mpweya. Akachotsa phazi kamatseka, ndipo mpweya wochepa wosungira moto umadutsa m'kanjira kam'mbali. Pa galimoto zambiri zakale kanjirako kamayang'aniridwa ndi kavavu kotchedwa IAC, komwe kompyuta ya galimoto imakatsegula kapena kukatseka pang'onopang'ono.

Apa ndiye pagona nkhani. Kanjirako n'kakang'ono zedi. Galimoto ikayenda zaka zambiri, nthunzi ya oilo ndi mwaye zimamatirira m'menemo, fumbi n'kuwonjezerapo, makamaka ngati sefa ya mpweya yang'ambika kapena yakhalitsa osasinthidwa. Galimoto zambiri za kuno kwathu zidabwera zitagwira kale ntchito ku Japan, ndipo zitafika zidakumana ndi misewu yafumbi ya m'chilimwe. Litsiro likachuluka, kavavu kamauma, mpweya sudutsa wokwanira, injini n'kuzima. Mukaponda moto kachitseko kakakulu kamatseguka, vuto n'kubisala. Kawirikawiri mankhwala ake ndi kumasula, kutsuka bwino ndi kubwezeretsa, popanda kugula chitsulo chatsopano.

Mpweya ukachuluka mosayenera, vuto limakhalanso lomwelo. Pa galimoto zambiri, pafupi ndi sefa ya mpweya pamakhala sensa yomwe imayeza mpweya wolowa n'kuuza kompyuta, ndipo kompyuta imathira petulo wolingana ndi zomwe yauzidwa. Tsono kapaipi ka labala kakakalamba n'kung'aluka, mpweya wina umalowera pamng'alupo osayezedwa. Petulo amachepa, moto umafooka. Galimoto ikamathamanga, mpweya wolowa mozembawu ndi wochepa poyerekeza ndi wonse. Pa idling umakhala gawo lalikulu, n'chifukwa chake kamng'alu kosaoneka bwino ndi maso kamatha kuimitsa chigalimoto chonse. Makaniko watcheru amakamva ndi khutu, kakulira kuti tsiii.

Palinso zina. Mapulagi akatha sathetheka bwino. Sefa ya mafuta imatsekeka, pampu ya m'thanki imafooka, ndipo petulo wosungidwa m'zigubu zakuda amatha kukhala ndi madzi kapena litsiro. Vavu ya EGR, imene imabweza utsi pang'ono m'injini, ikakanirira yotseguka imadzaza masilinda ndi utsi pa nthawi yosayenera. Injini ya dizilo ilibe mapulagi othetheka. Iyo imazima kawirikawiri mpweya ukalowa m'mapaipi a mafuta kapena sefa ikadzaza madzi.

Zoyambitsa n'zambiri chotere, makaniko amadziwa bwanji poyambira? Gawo limeneli ndi limene limandisangalatsa kwambiri. Makaniko wodziwa ntchito sathamangira sipanala. Amayamba ndi mafunso.

"Bambo, kodi imazima m'mawa injini isanatenthe, kapena mukayenda mtunda wautali?"

"Imayamba yanjenjemera, kapena imangozima mwadzidzidzi ngati mwatembenuza kiyi?"

"Nanga mukayatsa choziziritsa mpweya kapena mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, imatani?"

Yankho lililonse limaloza kwina. Ngati imazima mukangoyatsa choziziritsa mpweya, ndiye kuti injini yapatsidwa katundu wowonjezera koma kavavu ka IAC kalephera kuwonjezera mpweya. Ngati imanjenjemera kaye, akayang'ana mapulagi, mng'alu kapena mafuta. Ngati imangodula mwadzidzidzi ikatentha, n'kudzalira ikazizira, amakayikira za magetsi, makamaka sensa imene imauza kompyuta pomwe mapisitoni afika. Sensayo ikasiya kutumiza uthenga, kompyuta imaleka kuthira petulo ndi kuthethetsa mapulagi nthawi yomweyo. Utsi wakuda ku ekizozi ukutanthauza kuti petulo wachuluka kuposa mpweya.

Galimoto nayo imatha kudzinenera. Kuyambira mu 1996, galimoto zatsopano zogulitsidwa ku United States zidalamulidwa kukhala ndi njira yofanana yoululira mavuto, yotchedwa OBD-II, ndipo pambuyo pake maiko ena adatsatira. Pansi pa chiwongolero pamakhala soketi ya timabowo 16. Makaniko amalumikizapo kamakina kake, n'kuwerenga manambala. P0505 ikunena za idling, P0171 ikuti petulo wachepa poyerekeza ndi mpweya, P0300 ikuti moto ukuphonya m'masilinda osiyanasiyana. Pa ma Toyota ena akale kwambiri, makaniko amalumikiza timabowo tiwiri, TE1 ndi E1, ndipo nyali yochenjeza za injini imayamba kuphethira. Iye amangowerenga kuti yaphethira kangati. Koma nambala imangosonyeza dera lomwe kuli vuto. P0171 siinena ngati wolakwa ndi kapaipi kong'aluka, sensa yakuda kapena pampu yofooka. Pamafunikabe maso, makutu ndi kuyesa chinthu chimodzi pa nthawi. Ine ndimamva chisoni ndikaona banja likugula mapulagi lero, mawa pampu, mkuja sensa, ndalama za fizi zikupita, pomwe vuto linali kapaipi kotchipa. Kusintha zitsulo mongoganizira n'kuwononga ndalama.

Inu mungathandize, ngakhale simunafike pogwira sipanala. Galimoto ya kwanu kapena ya amalume ikayamba khalidwe limeneli, tengani kope. Lembani nthawi imene yazima, ngati injini inali yozizira kapena yotentha, ngati inanjenjemera, muvi wa kawotchi kaja unali pati, ndiponso nyali zomwe zinayaka. Akuluakulu akapite nazo kugalaja. Makaniko wabwino adzakondwa nazo, chifukwa mwamufupikitsira ntchito.

Koma boneti ikatsegulidwa, imani patali ndi manja kumbuyo. Fani ya galimoto zambiri imatha kuyamba kuzungulira yokha popanda chenjezo, lamba wa injini amakola zala ndi malaya, ndipo chotsekera cha radiyeta yotentha chikatsegulidwa madzi owira amathovokera kumaso. Utsi wa ekizozi uli ndi mpweya wapoizoni, carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Mukaona wina akuliza injini m'galaja yotseka zitseko, tulukani msanga ndipo muwapemphe mwaulemu kuti atsegule.