Mwendo wa injini ukalowa molakwika, petulo amathera m'thovu

Dzuwa likapendeka pa gombe la Msaka, ku Mangochi, ntchito imayamba. Anyamata amatsika ndi injini paphewa, kuikoleka pa thabwa la kumbuyo kwa boti, kumanga zomangira zake ziwiri ndi dzanja, basi. Wina akusakaniza oyilo ndi petulo m'chigubu, wina akukonza nyali, ena akulongedza chilimira. Chilichonse chili ndi wochiyang'anira. Koma zoti mwendo wa injiniyo walowa m'madzi kufika pati, palibe amene waweramirapo.

Kanthu kameneka kamaoneka kachabe, komabe ndi kamene kamasiyanitsa boti lofika pa usipa msanga ndi boti longobangula pamalo amodzi. Mwini zida akaona kuti petulo sakukhalitsa, amayamba kukayikira anyamata ake kuti akugulitsa m'njira. Ena amathamangira kwa makaniko kukasintha mapulagi, kutsukitsa kabuleta, ndalama n'kumapita. Chonsecho injini ilibe nthenda. Yangokhala pamalo posayenera.

Pamwamba penipeni pa pulopela pali kachitsulo kophwatalala, kotambalala ngati chikhatho. Ntchito yake ndi kutchinga mpweya wa pamwamba pa madzi kuti usakokedwere ku pulopela. Muyeso wonse umayambira pa kachitsulo kameneka. Mabuku a Yamaha, injini zimene zadzaza m'magombe athu, amalangiza kuti pa injini zing'onozing'ono kachitsuloka kalingane ndi pansi pa boti, kapena katsike osapitirira mamilimita 25. Ndi malo osakwana m'lifupi mwa zala ziwiri.

Injini ikakwera kupitirira apo, mumaimva ndi khutu. Mwadzidzidzi imalira mokweza ngati yamasuka, kumbuyo kuli thovu loyera mbee, koma boti osasuntha monga mwa phokosolo. Pulopela wameza mpweya, akuzungulira popanda chogwira. Zimachitika kwambiri pokhota, ndiponso pamene funde lanyamula kumbuyo kwa boti.

Phokosolo si choopsa chenicheni. M'munsi mwa kachitsulo kaja muli timabowo timene injini imamwera madzi oiziziritsa, ndipo chimene chimakoka madziwo ndi kampira kozungulira m'kati mwa mwendo. Kampirako kamadalira madzi omwewo kuti kasapse. Timabowo tikamatulukatuluka pamwamba, kampirako kamauma, mapiko ake n'kuthothoka, ndipo kamadzi kaja kamene kamathamanga pambali pa injini kamayamba kudukiza, kenako zii. Woyendetsa amene maso ake ali kutsogolo, pa nyali za anzake, amadzazindikira injini itatentha kale. Injini kuzima usiku pakati pa nyanja, mwera uli m'kati, ndi nkhani ya moyo, ndipo n'chifukwa chake ndikuilemba.

Kutsitsa kwambiri nakonso kuli ndi mtengo wake, kungoti kumadya mwakachetechete. Mwendo wonse umene wamira mosafunikira umakoka madzi ngati munthu woyenda m'dambo atavala jombo. Boti limalemera, madzi amathovokera m'mbali mwa mwendo mpaka kulowa m'boti, petulo amatha msanga. Utsi wa injinizi umatulukira pansi pa madzi, choncho ikamira kwambiri imavutika kupuma. Pofika kugombe, pulopela ndiye amayamba kukumba mchenga kapena kugunda mwala.

Gwero la vutoli, m'kuona kwanga, ndi lakuti wokhoma boti ndi wogulitsa injini sakumana. Mmisiri amakhoma boti lake pansi pa mtengo, kutalika kwa thabwa la kumbuyo amakuyesa ndi diso ndi chizolowezi. Mwini boti amadzagula injini pambuyo pake, mwina yogwirapo kale ntchito, ndipo funso lake limakhala limodzi: ndi ya mahosipawa angati, 15 kapena 40? Sadziwa kuti injini ya mphamvu yomweyo imabwera ndi miyendo yosiyana. Pali waufupi, wopangira thabwa la mainchesi 15, pafupifupi masentimita 38. Pali wautali, wa mainchesi 20, pafupifupi masentimita 51. Zina zikuluzikulu zimafika mainchesi 25. Pakati pa waufupi ndi wautali pali masentimita 13, pamene malo olakwitsa amene buku lija limalola ndi masentimita awiri ndi theka okha.

Kuyeza kwake sikufuna sukulu. Boti likhale pamtunda. Tengani tepi, yezani pakati pa thabwa la kumbuyo, kuchokera pamwamba pamene injini imakhala mpaka pansi pa boti. Kenako yezani injiniyo, kuchokera m'kati mwa chokolekera mpaka pa kachitsulo kaja, chifukwa manambala a m'buku ndi oyerekeza ndipo makampani amasiyanako pang'ono. Ngati injini yakolekedwa kale, gonekani thabwa lowongoka pansi pa boti, litulukire kumbuyo, muone pamene lakumana ndi mwendo. Mwendowo ukhale woongoka, wosapendekera kunja kapena m'kati.

Ikapezeka kuti yatsika, mankhwala ake ndi otsika mtengo: kathabwa ka mtengo wolimba kokhomeredwa bwino pamwamba pa thabwa la kumbuyo. Chachikulu n'chakuti zomangira zigwirebe thabwa lenileni, osati kathabwa kowonjezerako kokha, ndipo injini imangidwenso ndi chingwe ku boti. Injini zikuluzikulu zomangidwa ndi mabawuti zili ndi mabowo otalikirana mamilimita 19, ndipo mumakweza bowo limodzi, n'kukayesa panyanja, musanakwezenso.

Ikakhala kuti yakwera, ambiri amathamangira sowo n'kudula thabwa la kumbuyo. Apa ine ndimadandaula. Thabwa limenelo ndi khoma lotchinga funde lochokera m'mbuyo, ndipo sentimita iliyonse imene mwadula ndi khomo la madzi tsiku limene boti ladzaza nsomba, ukonde wonyowa ndi anthu. Kusinthanitsa injiniyo ndi ya mwendo wautali kumapweteka m'thumba, koma n'kwanzeru kuposa kugwetsa khomalo.

Palinso china chimene buku silingakuyezereni. Boti la faibala lonyamula alendo ku Cape Maclear limathamanga pamwamba pa madzi, ndipo lingapindule injini ikakwerako. Boti la matabwa ndi lolemera, limang'amba madzi, ndipo limapita lopepuka n'kubwera lolemedwa. Miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mwera umaliponya m'mwamba ndi pansi. Injini ya boti lotere ikhale ku mbali yotsika ya muyeso uja, ndipo poyesa botilo likhale ndi katundu amene limanyamula masiku onse, wina atakhala kumbuyo kuyang'ana kamadzi koziziritsa kaja pokhota paliponse.

Kwa amisiri okhoma maboti, ndi kwa aphunzitsi a pa sukulu ya zausodzi ya Mpwepwe: funso la mwendo wa injini lizifunsidwa thabwa loyamba lisanachekedwe. Ndipo inu amene mukusunga ndalama za injini, musanakwere galimoto yokagula, yezani thabwa la kumbuyo kwa boti lanu, nambalayo muilembe papepala, mupite nayo.