Asayansi akubera nzeru tsamba kuti apange mafuta

Tsamba la chimanga likawombedwa ndi dzuwa limatenga madzi ochokera ku mizu ndi mpweya wa carbon dioxide, uja timatulutsa popuma komanso umatuluka ndi utsi wa galimoto, n'kupanga shuga. Kwa zaka zoposa 50, akatswiri a sayansi akhala akuyesa kutsanzira luso limeneli, koma kuti m'malo mwa shuga pazituluka mafuta.

Njira idatseguka mu 1972 pomwe Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan adaonetsa kuti kuwala kukagwera pa titanium dioxide, mankhwala oyera omwe amathiranso mu penti, madzi atha kugawika n'kutulutsa mpweya wa hydrogen. Mpweyawu ukalumikizidwa ndi carbon ndiye pamatuluka mafuta.

Ku yunivesite ya Cambridge ku Britain, gulu la Pulofesa Erwin Reisner lidapanga tsamba lochita kukonza mu 2019. Likamizidwa m'madzi okhala ndi carbon dioxide n'kuikidwa padzuwa, limatulutsa syngas, mpweya womwe mafakitale amausandutsa mafuta. Mu 2022 adakonza masamba opepuka omwe adayandama pamtsinje wa Cam, ndipo mu 2023 adakwanitsa kutulutsa ethanol.

Anzawo a ku ETH Zurich ku Switzerland adadzera njira ina. Mu 2019 adaika padenga chimbale cha magalasi chosonkhanitsa dzuwa mpaka kutentha kufika madigiri 1,500, n'kuphwanya madzi ndi carbon dioxide zotengedwa mumlengalenga. Koma patsiku ankapeza mafuta pafupifupi mamililita 100 okha, osadzaza n'komwe kapu ya tiyi. Kampani ya Synhelion, yomwe idabadwira pasukuluyi, idatsegula fakitale yake yoyamba ku Jülich ku Germany mu 2024.

Nkhaniyi ikutikhudza. Petulo ndi dizilo wa m'dziko muno amachokera kunja kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo ndalama zakunja zikasowa mizere imatalika pamalo omwetsera mafuta. Kuyambira 1982, ku Dwangwa amapanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe n'kumusakaniza ndi petulo. Nzimbe zimafuna nthaka yachonde ndi madzi ambiri, pomwe tsamba la asayansi silifuna munda.

Ubwino wina ndi woti mafutawa akayaka amangobweza mpweya omwe udatengedwa powapanga. Chatsala ndi mtengo: mafuta a dzuwa akadali okwera kwambiri poyerekeza ndi okumba pansi, ndipo zipangizo zake zikufunika kulimba kuti zigwire ntchito zaka zambiri, osati masiku owerengeka.