Kodi Alipo Anthu Amene Kacirombo ka HIV Sikawagwira?

Pa kiliniki timaona mabanja ambiri amene mmodzi ali ndi kacirombo ka HIV koma mnzake alibe. Tsiku lina bambo wina, atamva kuti magazi ake ali bwino pamene akazi ake ali nako, anaseka nati: "Adokotala, ine magazi anga ngolimba. Zaka 7 tili m'nyumba imodzi, ngati kakanandigwira, kakanandigwira kale." Mau awa amamveka kawiri-kawiri m'makomboni mwathu. Muli coonadi pang'ono m'mau awa, koma muli ngozi yaikulu. Tiyeni tione pamene nkhaniyi inayambira.

Thupi lili ndi asirikali ake, ndiwo maselo oyera a m'magazi. Mukadziceka ndi mpeni, kapena tizirombo tikalowa m'thupi, asirikali awa afunika kudziwa kumene kuli nkhondo. Maselo a pamalopo amatulutsa timapuloteni ting'ono-ting'ono toitana, monga mmene a Neighbourhood Watch amalizira mluzu akaona wakuba usiku. Asirikali amalondola kumene kuitanako kuli kwamphamvu mpaka afika pa cironda. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene cironda cimatupira ndi kutentha.

Kapuloteni kamodzi kotere kamachedwa CCL5, ndipo dzina lake lakale ndi RANTES. Malangizo opangira kapuloteni aka timabadwa nao, kucokera kwa atate ndi amai. Malangizo otere asayansi amawacha jini, ndipo jini ya CCL5 ili pa kromozomu nambala 17. Kuti msirikali amve kuitana, ali ndi kaloko pa khungu lake kochedwa CCR5, ndipo CCL5 imalowamo ngati kiyi.

Apa ndi pamene pali vuto. HIV ndi wakuba amene ali ndi kiyi wolowa m'kaloko komweko. Kuti kalowe m'selo, kacirombo kamayamba kagwira CD4, imene ambiri mumaimva ku cipatala, kenaka kamagwira CCR5.

M'caka ca 1995, gulu la Dr Robert Gallo ku America linapeza kuti CCL5 ndi timapuloteni tina tiwiri ta mtundu womwewo timatsekereza HIV kulowa m'maselo oikidwa m'mabotolo a mu laboratore. Kiyi wa mwini nyumba akakhala m'loko, wa wakuba alibe polowera. M'caka ca 1996 asayansi anazindikira kuti kalokoko ndi CCR5, ndiponso anapeza anthu ena amene anabadwa ndi jini ya CCR5 yopereweza. Amene analandira jini yotere kucokera kwa makolo onse awiri alibe kaloko aka pa maselo ao, ndipo HIV imavutika kwambiri kuwalowa.

Zimenezi zinathandiza pa zamankhwala. M'caka ca 2007 anavomereza mankhwala ochedwa maraviroc amene amatseka CCR5. Caka comweco ku Berlin, Timothy Ray Brown, amene anali ndi HIV pamodzi ndi khansa ya m'magazi, anaikidwa maselo opanga magazi ocokera kwa munthu wopanda CCR5. Analeka kumwa ma ARV ndipo kacirombo sikanabwerenso mpaka pamene anamwalira ndi khansa mu 2020. Koma cithandizo ici ncoopsa, ena amafa naco, ndipo cimaperekedwa kwa odwala khansa okha.

Tsopano tibwerere kwa bambo wathu uja. Anthu opanda CCR5 amapezeka maka-maka pakati pa Azungu a kumpoto kwa Ulaya, ndipo ngakhale kumeneko ndi munthu mmodzi cabe pa anthu 100. Pakati pa ife a mu Africa jini yopereweza imeneyi pafupi-fupi palibe. Ndiponso ngakhale amene ali nayo si otetezeka kotheratu, pakuti pali mitundu ina ya HIV imene imalowera pa kaloko kena kochedwa CXCR4.

Nanga n'cifukwa ninji bambo uja sanatenge kacirombo zaka zonsezi? HIV sipatsirana nthawi zonse pamene anthu agonana. Mwai wopatsirana umakula ngati kacirombo kaculuka m'magazi, kapena ngati pali zironda za matenda opatsirana pogonana. Munthu angapulumuke zaka 7, nkutenga m'caka ca 8. Ndaonapo amuna ndi akazi amene anabwera oyamba ali bwino, nabweranso patapita nthawi zinthu zitasintha.

Cimene cimateteza banja lotere ncodziwika. Kufufuza kwa m'caka ca 2011 pa mabanja a ku Malawi ndi maiko ena kunaonetsa kuti kuyamba ma ARV msanga kunacepetsa kupatsirana ndi 96 peresenti. Munthu amene amamwa mankhwala ake tsiku ndi tsiku mpaka kacirombo kaleka kuoneka popima magazi sapatsira mnzake pogonana. Amene alibe kacirombo angafunse za mankhwala oteteza ochedwa PrEP, agwiritse nchito makondomu, ndipo azipimitsa kawiri-kawiri.

Bambo uja ndinawauza kuti citetezo cao sicili m'magazi ao, cili m'botolo la mankhwala a akazi ao. Ngati m'nyumba mwanu muli nkhani yotere, bwerani nonse awiri ku kiliniki, tikambirane.