Apongozi anasiya kuwerenga masipuni

Munthu amene wakonza ndege za asilikali moyo wake wonse amakhala ndi chizolowezi chimodzi chosachoka: kuwerenga zida. Sipanala iliyonse ili ndi malo ake m'bokosi, ndipo ikasowa imodzi ndege siinyamuka, chifukwa mwina yatsalira mu injini. Lamuloli ndi labwino zedi pabwalo la ndege. Koma likasamukira pakhomo la munthu ku Senga Bay, n'kugwera mkamwini, limasanduka mtanda.

Apongozi anga aamuna anali sajeni ku Air Wing, ku Zomba. Analowa nthambiyi ikadali yanthete. Inayamba mu 1976 mothandizidwa ndi dziko la Germany, n'chifukwa chake ndege zake zambiri zinali za mtundu wa Dornier. Iwo anayambira pa Skyservant, kenaka n'kukalambira pa Dornier 228 ija ya mainjini awiri, yonyamula anthu 19, yotera ngakhale pabwalo la fumbi. Atapuma ntchito anabwerera kuno kunyanja, kwawo kwa akazi awo monga mwa mwambo wathu. Ine ndinali nditakwatira kale mwana wawo wachiwiri n'kumanga kuseri kwa nyumba yaikulu. Motero gulu lonse la asilikali limene linawatsalira a Sajeni linali ine ndekha.

Tambala asanalire kachiwiri, tsache linali litayamba kale kulira pabwalo. Kusesa kokha sikunkawakwanira. Ankayenda pang'onopang'ono mutu uli pansi, kutola timiyala, timisomali ndi zitsekerero za mabotolo, monga ankachitira ndege isananyamuke, kuopa kuti injini ingameze kanthu. Pabwalo pathu palibe chimene chinkanyamuka kupatula nkhuku. Njinga yanga yakapalasa anaitsegulira kope lakelake: tsiku, kumene yapita, amene wakwera, vuto limene lapezeka. Ndikachokera ku Kamuzu Road ndinkayenera kusaina. Madzulo, mbale zikatsukidwa, ankandanda masipuni pathebulo n'kuwerenga. Likasowa limodzi, palibe mwana ankagona.

Mkamwini sawiringula, ndipo apongozi suwayang'ana m'maso. Ndinkangoti, "Chabwino bambo, ndamva," kenaka n'kukadandaulira mkazi wanga usiku monong'ona. Iye ankangoseka n'kunena kuti ndipirire, iwo anakulira momwemo.

Chimene sitinkaseka n'chakuti munthuyo ankatha. Malamba ankaboola mabowo atsopano. Chambo chowotcha, chimene anthu amachokera ku Lilongwe kudzachidya kuno, iwo ankangochitomola pang'ono n'kukankha mbale. Anakangana ndi oyandikana nawo onse chifukwa cha mbuzi. Masana ankakhala pakhonde maso ali kumwamba, ndipo ndege ikamveka chapatali ankaitchula mtundu isanaonekere, n'kufotokoza za kalilidwe ka injini yake. Ife tinkangoti, "Eti?" n'kupitiriza kusankha mpunga. Pamudzi ponse panalibe ndi mmodzi yemwe wowatsutsa pa nkhani ya ndege, ndipo ndikuona kuti chimenechi ndicho chinkawadya kuposa kuchepa kwa penshoni. Munthu wodziwa ntchito yake safuna omvera mwaulemu, amafuna wina womuuza kuti wanama.

Womuuza ameneyo anapezeka pamzere wa kubanki mwezi ukutha. Salima ndi boma la asilikali: sukulu yawo ya MAFCO ili kuno, ndipo Parachute Battalion, gulu la odumpha m'ndege, lili pa Senga Bay pompano. Ambiri akapuma sachoka, amakhala atakwatira kuno kapena atagula malo. Pamzerepo mkulu wina wa miyendo yamatewe anawayang'anitsitsa a Sajeni, kenaka n'kufuula kuti, "Inu achimwene, si inu aja munkatikwezetsa m'chitini chanu chogwedera chija?" Apongozi akuti anayankha osatembenuka n'komwe: "Chinali chabwinobwino. Amisala ndinu amene munkatulukamo chili m'mwamba." Tsiku limenelo anafika pakhomo dzuwa litalowa, akuimba mluzu. Apongozi aakazi anawanunkhiza m'kamwa. Munali thobwa lokha.

Anayamba awiri pansi pa mtengo wa mango, ndi bawo. Kenaka anabwera wina amene ankagwira za wailesi, wina wozimitsa moto pabwalo la ndege, wina wa kusitolo ya zipangizo, ndi a Meja amene anauluka pa helikopita zaka zambiri. Ambiri mwa iwo ndi mamembala a VELOM, bungwe la asilikali opuma m'dziko muno, limene kale linkatchedwa CELOM. Koma limenelo ndi la onse, a pansi, a pamadzi ndi a m'mwamba. Awa ankafuna kagulu kawokawo, komwe munthu angatchule za mafuta a ndege popanda wina kuyasamula. Dzina la kaguluko mpaka lero kulibe. Anakanganirana misonkhano ingapo, aliyense ndi lake, mpaka anagwirizana kuti nkhaniyo idikire. Pakhomo timangoti "apita kwa anzawo."

Mkangano wokoma kwambiri unali wa amene ayenera kulowa. Okonza ndege ankati odumpha aja si anthu a ndege, ndi katundu chabe, ndipo katundu wake wosafika kumene akupita. Odumpha ankati iwo okha ndiwo anaiona ndege mkati ndi kunsi komwe ili m'mwamba, pamene amakaniko ankangoibayibitsa ali pansi. A Meja, amene aliyense ankayembekeza kuti agamula, anakana, nati udindo wawo anausiya pa geti ya kambi tsiku lopuma. Mawu amenewa anasanduka lamulo loyamba: pansi pa mango palibe saluti. Wochedwa, kaya anali ndi nyenyezi zingati paphewa, ndiye amathira anzake tiyi. Ndinaona ndi maso angawa a Meja atagwira ketulo, akufunsa munthu amene kale anali kopolo kuti, "Shuga masipuni angati, bwana?" Kopoloyo anati atatu, ndipo anadikira kuti amutakasire.

Potsiriza anagwirizana kuti aliyense amene ananunkhizapo mafuta a ndege ali mu yunifolomu alowe. Amene ankaphikira oyendetsa ndege analowera pamenepo. Kenaka mayi wina wamasiye, amene amuna awo anali anzawo a apongozi ku Zomba, anafika tsiku lina n'kuyala chitenje chawo pambali. Anati iwo anachapa maovolosi onunkha mafutawo kuyambira ali mtsikana, ndiye amene akuti sanawanunkhize aimirire. Palibe anaimirira. Lero ndiwo msungichuma, ndipo asilikali amene sanaope kudumpha m'ndege amanjenjemera akatsegula kope la zopereka. Amayi ena anatsatira, n'kuyambitsa banki m'khonde yawo pambali pa bawo. Msonkhano anauika Loweruka, chifukwa kuno kunyanja ena amapita ku mzikiti Lachisanu, ena ku tchalitchi Lamulungu, ndipo ndiwo zake zimakhala nsomba kapena mbuzi kuti aliyense apisemo dzanja.

Nkhani zimene zimakambidwa pamenepo ndi zomwe ife tinkazikana pakhonde, koma zikapeza eni ake zimasintha kukoma. Wina akayamba za ku Mozambique, pamene asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala kuyambira mu 1987, mnzake amamudula kuti tsiku limenelo iwe unali ndi malungo. Za Operation Bwezani ya mu Disembala 1993, pamene asilikali analanda zida a MYP, aliyense amati anali patsogolo. Sindinapeze ndi mmodzi yemwe amene anali kumbuyo. Zikafika pa madzi osefukira a kuchigwa cha Shire ndi ntchito ya mahelikopita potola anthu m'mitengo, phokoso limatsika, chifukwa zimenezo a Meja sazikamba moseka. Kenaka wina amabweza nthabwala, bawo n'kupitirira.

Chimene chinandimasula ine kwenikweni ndi mainjini a maboti. Wodumpha uja ali ndi mphwake msodzi wa usipa, ndipo injini yake ya Yamaha inkazima pakati pa nyanja. Anaibweretsa pansi pa mango ngati nthabwala, nati tione ngati anthu a ndege amadziwadi kanthu. Apongozi anayala thumba pansi, anamasula chilichonse n'kuchindanda mwa dongosolo, anapeza madzi ndi mchenga m'njira ya mafuta, ndipo pofika madzulo injini inali ikulira mu diramu ya madzi. Mbiri inafala padooko. Tsopano m'mawa uliwonse amatsikira kunyanja ndi bokosi lawo la zida, anyamata awiri ophunzira akuwatsata pambuyo. Asodzi amene kale ankamanga injini ndi mphira ndi pemphero aphunzira kusefa mafuta ndi kusunga kope. Nyengo ya mwera, pamene nyanja imakalipa kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, a Sajeni salola boti limene agwirapo kuti lichoke asanalimve okha ndi khutu. Kumeneko kuwerenga kwawo kuli ndi ntchito, chifukwa injini ikazima kuseri kwa chilumba cha Namalenje usiku, munthu sangaikankhire m'mbali mwa msewu.

Kope la njinga yanga linangofa lokha. Tsiku lina mkazi wanga anandikodola n'kundionetsa kuti masipuni awiri anasowa kalekale, ana anakumbira nawo mchenga, ndipo palibe anafunsa. Tinaseka mpaka misozi, zitseko titatseka.

Mu 2024 nyanja itakwera n'kumeza magombe ndi mipanda ya malo ogona alendo kuno ku Senga Bay, madzi anafika pakhonde la msungichuma uja. Madalawo anafika m'mamawa, anaima mzere, n'kuyamba kupatsirana katundu dzanja ndi dzanja, apongozi ali ndi pensulo kukhutu akulemba chilichonse chotuluka. Pofika masana mayiyo anali atakhazikika kumtunda, osasowa ngakhale chipande. Achinyamata a m'mudzi tinangoima manja m'chiuno, manyazi atatigwira.

Novembala ndiye mwezi wawo wa chikondwerero. Maduwa ofiira a popi amabayidwa pachifuwa, majekete amatuluka m'masutikesi akununkha mankhwala a njenjete, mamendulo amakwechedwa mpaka kuwala. Chaka china anachita hayala minibasi kupita ku Zomba, ku chipilala cha chikumbutso chili pafupi ndi Cobbe Barracks. Akuti anaimba njira yonse, kudutsa pa Golomoti mpaka Balaka, ndipo dalaivala anapempha kuti chaka chinacho adzamutengenso. Jekete la apongozi, limene linkalendewera pamapewa, ulendo uno linakana kumanga mabatani. Apongozi aakazi anasuntha mabataniwo akung'ung'udza nyimbo.

Adzukulu amene ankathawa akamva kutsokomola kwawo tsopano amawakwera pamsana. Anawapangira Dornier ya mawaya, mapiko pamwamba, mainjini awiri, matayala a zitsekerero, ndipo mwana wa oyandikana nawo aja a mbuzi ndiye woyendetsa wamkulu. Paukwati wa mlamu wanga anavina mpaka kugwetsa chipewa. Ine amandiitana kuti "achimwene" akakhala kuti asangalala, ndipo mwezi watha anandibwereka njinga osasaina paliponse.

Dandaulo latsala ndi la apongozi aakazi, akuti munthuyu sakhalanso pakhomo, nsima imazizira. Koma amanena zimenezi akumanga mpango kuti nawonso apite ku banki m'khonde.

Loweruka likubwerali pali mlandu waukulu. Mkulu wina amene anapuma ku gulu la asilikali a pamadzi ku Monkey Bay wapempha kulowa. Akuti ananunkhizapo mafuta a ndege tsiku limene anamunyamula pa helikopita atathyoka mwendo, ndipo yunifolomu anali atavala. Odumpha akuti alowe. A Sajeni akuti munthu wokomoka sanunkhiza kanthu, ndipo akhala akukonzekera mfundo zawo kuyambira Lolemba. Andipempha kuti ndikakhale wolemba za msonkhano, ndipo ndavomera msangamsanga.