KUKACEZA KU CHAMA, KWAO KWA MPUNGA

Ana ambiri a ku Chipata ndi ku Lusaka adadyapo mpunga wa ku Chama, uja umanunkhira uli pamoto kufikira anansi adziwa kuti kwa uje lero kwafika alendo. Koma owerengeka okha ndiwo adaona kumene umamera. Munthu wofuna kukaonako safunika mwezi wathunthu ai. Masiku atatu kapena anai, sukulu itatsekedwa, akwanira. Anthu a ku England anazolowera maulendo afupi otere. Amapita ku cigawo conga Cornwall kukaona migodi yakale, nalawa mkate wokutira nyama ndi mbatata umene anthu okumba miyala ankatenga ku nchito. Ifenso tiri nako kotere kwathu kuno.

Boma la Chama liri kumpoto kwa Lundazi, m'cigwa ca mtsinje wa Luangwa, ndipo kum'mawa licita malire ndi Malawi. Mu 2011 linaikidwa m'cigawo ca Muchinga, koma mu 2021 linabwezedwa ku cigawo ca Kum'mawa. Wocokera ku Chipata amadzera ku Lundazi, natsikira m'cigwa. Potsikapo mphepo yozizira ya kumtunda imatsala m'mbuyo, mitengo ya tsanya ndi milambe niyamba kuoneka, thukuta nilituruka. Musayese ulendowu m'miyezi ya January ndi February, pakuti mitsinje imasefukira, galimoto nititimira m'matope. Nthawi yabwino ndiyo kuyambira May, mvula itatha.

Madzi omwewo amene amabvuta apaulendo ndiwo amabala mpunga. M'dzinja madambo a m'cigwa amadzala madzi, ndipo dothi lake lakuda lamakande limawasunga nthawi yaitali. Cimanga cikakhala m'madzi otere cimafiira ndi kufa, koma mpunga umakondwa. Alimi amafesa mvula itakhazikika, napalira ataima m'matope. Ambiri amalima ndi khasu, cifukwa m'madera ambiri a cigwa muli kashembe, nchenche ija yopatsa ng'ombe matenda, ndipo ng'ombe zokoka pulawo nzosowa.

Ngala zikayamba kuca ndipo pamayamba nkhondo. Usana mbalame zimatera m'munda ngati mtambo, ana naziingitsa ndi mfuu, zitini ndi miyala kuyambira mbanda kuca kufikira dzuwa litalowa. Usiku kumadza njobvu. Midzi yambiri iri pafupi ndi nkhalango za nyama, ndipo njobvu zowerengeka zikhoza kutha munda wonse usiku umodzi. Cotero bambo amagona m'kakhumbi ka kumunda, atasonkha moto. Akamva nthambi ziri kuthyoka amaomba zitini, ndipo ena amatentha tsabola wosanganiza ndi ndowe, popeza njobvu imadana ndi utsi wake. Nchito imeneyi njoopsa ndithu, ndipo alipo anthu amene anataya moyo wao polindira minda. Mukamva mlendo ali kudandaula kuti mpunga wadula, mudziwe kuti sanagonepo m'kakhumbi.

Wofika m'May kapena m'June amapeza anthu ali kumweta mpunga, kuupuntha ndi kuupeta m'malicero. Lero ziripo zigayo zocotsa mankhusu, koma m'midzi mtondo ukali kumveka m'mawa. Pemphani amai kuti akubwerekeni munsi. Mukasinja mwaphuma mpunga umasweka kapena kumwazika, anzanu nakusekani. Nawo alendo akulu-akulu amasekedwa comweco.

Musaganize kuti anthu a ku Chama amadya mpunga tsiku ndi tsiku. Wambiri amagulitsa kuti apeze ndalama za sukulu, za zobvala ndi za mcere. Cakudya ceni-ceni ndi nsima, ya cimanga kapena ya mapira. Ndiwo zake ndizo nsomba za m'Luangwa, zaziwisi ndi zouma, therere, ndiponso masamba a maungu otendera ndi nsinjiro. Ana amabwira malambe ndi kunyung'unya bwemba wowawasa. Tsono akakuphikirani mpunga ndi nkhuku, muzindikire kuti akulemekezani kwambiri. Nyama ya kuthengo musaipemphe konse, cifukwa lamulo liletsa kupha nyama popanda cilolezo.

Muli pa mphasa mudzamva kuti eni nyumba sali kulankhula Cinyanja. Iwo ndi Asenga, ndipo musawasokoneze ndi Ansenga a ku Petauke, amene ali mtundu wina. Cisenga cifanana ndi Citumbuka: pamene ife timati "Muli bwanji?" iwo amati "Muli uli?" Cifukwa cake akulu-akulu amacisimba. Amati makolo a mafumu ao anacokera kumadzulo, naoloka Luangwa, napeza anthu olankhula Citumbuka, nakwatira pakati pao. Ana awo anatola cinenero ca amai awo. Asenga akale ankasinthanitsa minyanga ya njobvu ndi amalonda akutali, nalima fodya ndi thonje, ndipo ankaomba okha nsaru. Pa nthawi ya nkhondo za Awemba ndi Angoni anamanga malinga kuzungulira midzi yao. Zotere simungazipeze pa cikwangwani. Muyenera kukhala pansi madzulo, kupereka moni mwaulemu kwa agogo, ndi kuyembekeza kuti ayambe okha.

Mfumu yaikuru ya Asenga ndi Kambombo, ndipo mafumu ena ndiwo Tembwe, Chikwa, Chifunda, Chibale, Lundu ndi Mulilo. Mwambo wao waukuru uchedwa Kwenje, umene kawiri-kawiri umacitika m'October kwa Kambombo. Anthu amasonkhana kuyamika cifukwa ca zokolola ndi kukumbukira makolo, ng'oma ziri kulira. Koma October m'cigwa ndi ng'anjo yeni-yeni. Wopita nthawi imeneyo atenge cisoti ndi madzi akumwa okwanira.

Tsiku lobwerera dzerani pa msika wa pa boma. Tapani mpunga pang'ono m'dzanja, muupume ndi mpweya wa m'kamwa, ndi kuununkhiza. Ngati fungo limveka usanaphikidwe, uzani amai ogulitsawo kuti akuyesereni, ndipo mumange thumba zolimba, pakuti mseu wa ku Lundazi ngwautali.