Njinga yamoto imanena yokha pamene pakupweteka

Njinga yamoto ndiyo yasenza chigawo cha Tete. Kuyambira ku Ulongwe, Domwe ndi Furancungo mpaka ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, mota ndiyo imathamangira ndi odwala kuchipatala, imatengera mbatata ya kachewere kumsika, ndipo imafikitsa aphunzitsi kusukulu zimene galimoto safikako nthawi ya dzinja. Zambiri mwa njingazi ndi zazing'ono, za injini ya 100 mpaka 150 cc, zochokera ku China ndi ku India. Koma mwa apo ndi apo pa mlatho wa Samora Machel pamadutsa chinjinga chachitali, cha mpando wotsika ndi zigwiriro zotambalala, cholira ngati bingu, ndipo anyamata onyamula anthu pa mota amachiperekeza ndi maso mpaka chitazimiririka. Njinga zotere zimatchedwa cruiser.

Yaing'ono ndi yaikulu zonse zimadwala matenda ofanana. Kusiyana kwake kuli pa mtengo wa kulakwitsa. Mwini mota ya 125 cc akagula chipangizo chosafunika amaluza ndalama za tsiku limodzi kapena awiri, pamene mwini chinjinga chachikulu akachita zomwezo amaluza malipiro a mwezi, ndipo njingayo imakhalabe pakhonde kudikira katundu wochokera ku Johannesburg.

Zinthu zinayi

Injini iliyonse ya petulo imafuna zinthu zinayi kuti ilire: mafuta, mpweya, moto wa pa pulagi, ndi mphamvu yopanikiza mafuta ndi mpweyawo mu silinda. Njinga ikakana kulira ndiye kuti chimodzi mwa zinayizi chasowa. Makaniko wodziwa ntchito amazifufuza chimodzichimodzi, kuyambira pa chosavuta ndi chotsika mtengo, ndipo samasula injini asanaone zakunja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sitata ikangoti "tiki" osazungulira, vuto nthawi zambiri limakhala batire lofooka kapena mitu yake yomasuka ndi yochita dzimbiri. Ikakhala chete osamveka kanthu, poyambira ndi pa fyuzi, pa kabatani kofiira kozimitsira injini, ndi pa kaswichi ka pa mwendo woimikira njinga, pakuti njinga zambiri zazikulu siziyenda mwendowo uli pansi.

Kamita koyezera magetsi kamathetsa mikangano yambiri. Batire labwino limaonetsa pafupifupi ma volt 12.6 injini ili chozima. Injini ikalira n'kupatsidwa moto pang'ono, nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikapanda kukwera ndiye kuti njinga siikudzaza batire, ndipo wolakwa ndi makoyilo opanga magetsi kapena kabokosi kowongolera magetsiwo, kamene amati regulator. Wogula batire latsopano asanayeze chotere amangoonjezera maliro, chifukwa nalonso limafa pakangopita masiku ochepa. Nambala ikapitirira 15, kabokosiko kakuwotcha batire ndi mababu.

Sitata ikamazungulira bwino koma injini osagwira, maso apite ku mafuta. Pansi pa kabuleta pali kasikuluwu kotulutsira mafuta. Madzi ndi olemera kuposa petulo, motero amakhala pansi ndipo amaoneka bwino mafutawo akatsanulidwa m'botolo loyera. Petulo wogula m'mabotolo m'mbali mwa msewu amapulumutsa anthu kumidzi, koma ndi bwino kumusefa ndi kansalu koyera asanalowe m'thanki. Palinso njinga imene imayenda makilomita angapo kenaka n'kuzima ngati yatha mafuta. Mwini wake akatsegula chivindikiro cha thanki n'kumva mpweya ukulowa, njinga n'kuliranso, ndiye kuti kabowo kopumira thanki katsekeka. Imene imazima ikatentha n'kudzuka ikazizira, mafuta ali bwinobwino, kawirikawiri imakhala ndi koyilo ya pulagi kapena kabokosi ka CDI kotopa.

Pulagi ndi utsi sizinama

Pulagi, imene amakaniko a kuno amaitchanso vela, ndiyo mboni yoyamba. Poyesa moto amaimasula, n'kuibweza pa waya wake, n'kuigunditsa pa chitsulo cha injini kutali ndi petulo, kenaka n'kuponda kiki. Moto wabwino ndi wobiriwira ndipo umathetheka momveka.

Nsonga ya pulagi imafotokoza za m'kati. Ikakhala ya mtundu wa tiyi wamkaka, injini ili bwino. Ikada ndi mwaye wouma, mafuta akuchuluka kuposa mpweya, ndipo m'fumbi la mwezi wa September ndi October wolakwa amakhala sefa ya mpweya yotsekeka kapena tchoko yoiwalika. Ikada n'kunyowa ndi oyilo, maringi a pisitoni kapena timphira ta mavalavu tatha. Ikayera mbee, mafuta akuchepa, injini ikutentha kwambiri, ndipo kupitiriza kuyendetsa kukhoza kuboola pisitoni.

Utsi nawo umagwirizana ndi pulagi. Wakuda ndi wa mafuta ochuluka, wobiriwira ndi wa oyilo, ndipo woyera wosaleka pa njinga yozizira ndi madzi umasonyeza kuti madziwo akulowa mu silinda. Kiki ikamangogwa yopanda kulimba ndiye kuti silinda siikupanikiza, koma asanaganize zogula pisitoni munthu ayambe waona mpata wa mavalavu, chifukwa valavu yothina siitseka bwino. Injini ikamalira kwambiri liwiro osaonjezeka, kilachi ikuterereka. Nthawi zina chochititsa chimakhala oyilo wa galimoto, amene sagwirizana ndi kilachi yosambira mu oyilo. Botolo loyenera njinga zotere limalembedwa kuti JASO MA.

Chinjinga cha akavalo 145

Chitsanzo chodziwika cha cruiser yamphamvu ndi Yamaha V-Max, imene inatuluka mu 1985. Injini yake ndi ya 1,198 cc, ya masilinda anayi oikidwa ngati chilembo cha V, yozizira ndi madzi, ndipo kampaniyo inati mphamvu yake ndi ya akavalo 145. Mota ya 125 cc imakhala ndi akavalo pafupifupi 10. V-Max imalemera makilogalamu oposa 260, kutanthauza mota zazing'ono ziwiri kuphatikiza pamodzi. Ilibe tcheni, mphamvu imapita ku tayala lakumbuyo kudzera pa mtanda wachitsulo ngati wa galimoto. Injini ikafika pa kuzungulira ka 6,000 pa mphindi, timavalavu totchedwa V-Boost timayamba kutseguka kuti silinda iliyonse iyamwe kuchokera ku makabuleta awiri, ndipo njinga imatsomphoka modzidzimutsa wosaizolowera.

Mtundu umenewu unapangidwa mpaka 2007. Mu 2009 kunabwera ina ya 1,679 cc yopanda makabuleta, yomwe mafuta amapopedwa molamulidwa ndi kompyuta, ndipo inalekeka mu 2020. Makampani ena anatulutsanso zawo: Honda Valkyrie ya masilinda asanu ndi limodzi mu 1996, Harley-Davidson V-Rod mu 2001, ndi Triumph Rocket III ya 2,294 cc mu 2004. Motero V-Max iliyonse imene munthu angaipeze lero ndi yogwirapo kale ntchito.

Zinthu zinayi zija ndi zomwezo, koma pano chilichonse chili kanayi. Makabuleta ndi anayi, mapulagi anayi, mavalavu 16. Njinga ikakhala miyezi osayenda, petulo amauma n'kusiya phula lotseka timabowo ta m'makabuleta, ndipo imayamba kulira ndi masilinda atatu. Wodziwa amayandikiza dzanja pa mapaipi a utsi injini itangolira kumene, ndipo paipi yozizira ndiyo imaulula silinda yogona. Akatsukidwa, makabuletawo amafunika kuwalinganiza ndi mamita oyezera kuyamwa kwake, ntchito imene siitheka ndi khutu lokha.

Chimene chimaoneka ngati thanki pa V-Max si thanki. Mafuta amakhala pansi pa mpando ndipo amakwezedwa ndi pampu ya magetsi, choncho pampu ikafa njinga imaima mafuta ali odzaza. Thankiyo imalowa malita 15 okha, pamene ulendo wochoka ku Tete kupita ku Ulongwe ndi woposa makilomita 200, motero woyendetsa mwaukali ayenera kudziwiratu pomwe akamwetsere. Kiki palibe, ndipo kukankha chinthu cholemera chotere pamchenga si ntchito ya munthu mmodzi. Eni ake ambiri amadandaula za polumikizira mawaya atatu ochokera ku makoyilo a magetsi, pamene pamatentha mpaka kusungunuka. Mumzinda wa Tete, momwe kutentha kumapitirira madigiri 40 mvula isanagwe, radiyeta ndi fani yake ziyenera kuonedwa kawirikawiri. Kugwedezeka kwa zigwiriro pa liwiro lalikulu kumachokera ku mabering'i a pakhosi pa njinga kapena ku matayala otha, ndipo si vuto loti munthu n'kulizolowera.

Asanapereke ndalama

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wofuna kugula njinga yotere aipeze injini ili yozizira, pakuti yotenthetsedwa kale imabisa matenda. Ayeze magetsi, aone mapulagi onse anayi, ayang'ane dzimbiri m'thanki, ndipo ayese giya iliyonse ngati siidumpha. Oyilo wooneka ngati mkaka ndi chizindikiro cha madzi m'injini. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2318 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala lakale limauma n'kumaterereka ngakhale mizere yake ikuoneka yatsopano, ndipo la msinkhu umenewu silipezeka pamsika wa Ulongwe. Nambala ya pa chitsulo cha njinga igwirizane ndi ya pa livrete, ndipo ngati inachokera kunja mapepala a kasitomu akhalepo. Malinga ndi lamulo la pamsewu la 2011, kalata ya A1 ndi ya njinga zazing'ono za m'gulu la 125 cc, pamene yaikulu imafuna kalata ya A.

Funso lalikulu kwa wogula ndi lakuti adzaikonza ndani. Amakaniko a m'chigawo muno ndi aluso pa njinga za silinda imodzi, koma ndi ochepa amene ali ndi zida za injini ya masilinda anayi kapena ya kompyuta. Mwini wake ayenera kukhala ndi buku la njingayo, kamita ka magetsi, ndi ndalama zapadera za matayala, sefa ndi mabuleki.

Pamsewu wa Tete, Moatize mpaka Zobwe pali malole akuluakulu, mbuzi, ng'ombe ndi njinga zakapalasa zosenza makala. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, ndipo cruiser, pokhala yaitali ndi yotsika, siikhota msanga ngati mota yaing'ono. Chipewa choteteza mutu n'chokakamizidwa ndi lamulo kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe. Mafuta a mabuleki amafunika kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse chifukwa amayamwa chinyezi, ndipo akatentha potsika phiri buleki imalowa yopanda kugwira.

Mnyamata amene lero akuphunzira kuwerenga pulagi ya mota yake ya 125 cc, kuyeza batire asanagule lina, ndi kutsuka sefa nthawi ya fumbi, ndiye amene mawa angasunge chinjinga chachikulu chija. Wosadziwa zimenezi, ngakhale atakhala ndi ndalama zogulira, adzangochiphimba ndi lona kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kumaikira mazira pansi pake.